Kufewetsa fulashi ndi zinthu zapakhomo popanda kuwononga mitundu ya chithunzi

Chithunzi chojambulidwa ndi fulashi ya kamera yolunjika pankhope chimadziwikira patali. Chipumi ndi nsonga ya mphuno zimanyezimira ngati munthu wadzola mafuta ophikira, masaya atuwa mbuu, ndipo kumbuyo pakhoma pamaima chithunzithunzi chakuda bii chokhala ngati achidula ndi lezala. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuphimba fulashi ndi kanthu koyera, kaya tishu, jumbo kapena kapu ya pulasitiki. Nthawi zina zimathandiza, nthawi zambiri zimangomaliza mabatire, ndipo pafupifupi nthawi zonse zimasintha mtundu wa kuwala mwini kamera osadziwa. Kufewetsa ndi mtundu ndi nkhani imodzi, chifukwa chilichonse chimene kuwala kwadutsamo kapena kwagundapo chimasiyapo utoto wake.

Choyamba kumvetsa n'chakuti kuwala sikufewa chifukwa kwadutsa m'pepala. Kumafewa chifukwa gwero lake lakula. Mutu wa fulashi yomanga pamwamba pa kamera ndi wa masentimita pafupifupi 7 mulitali ndi 4 mulifupi. Tiyerekeze munthu waima mamita 2 kuchokera pa inu, khoma lili mita imodzi kumbuyo kwake. Mphepete mwa chithunzithunzi chake mudzasungunuka masentimita 3.5 okha, ndiye chikuwoneka chodula. Gwero likakhala la masentimita 20, mphepetemo mufika masentimita 10. Mukaponya kuwala pa siling'i n'kupanga chigamba chowala cha mita imodzi ndi theka, mufika masentimita 75, ndipo chithunzithunzi chija sichiwonekanso ngati cha munthu. Masamu ake ndi ophweka: kukula kwa gwero kuchulukitsa ndi mtunda wa munthu kukafika pakhoma, kenako kugawa ndi mtunda wa fulashi kukafika pa munthu.

N'chifukwa chake tishu womata pagalasi la fulashi ndi wopanda ntchito panja. Gwero likadali la masentimita 7, mwangotaya mphamvu. M'chipinda chaching'ono choyera tishu yemweyo amawoneka ngati akugwira ntchito, koma amene akufewetsa ndi makoma. Iye wangomwaza kuwala kuti kukagunde makomawo. Pakhungu lakuda nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, poti kunyezimira kwa pachipumi ndi chifaniziro cha gwero lenilenilo, ngati mmene babu limawonekera pasupuni. Gwero laling'ono limapanga kadontho koyera mbee kopanda khungu mkati. Lalikulu limayala kunyezimirako pamalo aakulu mofatsa, nkhope n'kuwoneka yamoyo.

Khadi lomangirira kumutu

Pa zonse zopanga nokha, ili ndiye loyenera kuyamba nalo, ndipo ambiri ojambula maukwati ndi zinkhoswe safunikira china. Tengani pepala lolimba loyera la A4, la mtundu wopangira makadi oitanira anthu, losanyezimira. Dulani ngati chokupizira: kumunsi siyani lilime la masentimita 7 mulifupi ndi 6 mulitali, kumtunda litambalale kufika masentimita 20, ndipo gawo lotambalalalo litalike masentimita 18. Imitsani mutu wa fulashi chilili kuloza kumwamba, ikani lilime lija kumbuyo kwa mutuwo, mangani ndi timphira tiwiri tomangira ndalama. Kamodzi kokha kamaterereka mukangotembenuza kamera.

Kuwala kwambiri kumapita pa siling'i n'kutsika kofewa, kwina kochepa kumagunda khadi n'kupita kutsogolo. Kochepako ndi kofunika zedi. Mukaponya pa siling'i popanda khadi munthu ali pafupi, kuwala kumatsika ngati dzuwa la liwombo, m'maso ndi pansi pa chibwano n'kuda. Khadi limadzaza m'masomo ndi kuikamo kadontho kowala. Khoma loyera likakhala kumbuyo kwanu, tembenuzani mutu uloze pamwamba pa phewa lanu, pamene khoma lakumana ndi siling'i. Kuwala kobwerera kumeneko ndi kokoma kuposa kwa diffuser iliyonse ya mushopu, chija chovekera fulashi kuti kuwala kufewe.

Vuto ndi lakuti maholo ndi matchalitchi ambiri kwathu kuno alibe siling'i. Kumwamba kuli malata ndi mitengo ya phaso, mwina mamita 6 kapena kuposa. Malata atsopano amabweza kuwala ngati kalilole, kukagwera kwina kosayembekezeka. Adzimbiri ndi matabwa amabweza kofiirira. Pamalo otere pindani gawo lapamwamba la khadi, masentimita 8 omalizira, liwerame kutsogolo madigiri 45, kuti ligwire kuwala kumene kukanatayika. Tsopano khadi lokha ndilo gwero, lamphamvu mpaka mamita 3 kapena 4. Tenti yoyera ya ukwati ndi mwayi waukulu, ponyani kumwamba basi. Koma yang'anani nsalu zokongoletsera zimene akoloweka kudenga: zikakhala zapinki kapena zobiriwira, diresi la mkwatibwi litenga mtundu umenewo.

Kabokosi ka katoni

Pojambula munthu mmodzi chapafupi, mphete, keke kapena katundu wotsatsa pa WhatsApp, kabokosi kamaposa khadi. Dulani zidutswa 4 za katoni yopyapyala zopanga fanulo: kutsogolo masentimita 20 ndi 15, kuya masentimita 15, kumbuyo bowo lokwana mutu wa fulashi yanu ndi khosi la masentimita 4 lomangirapo mphira. Osapitirira pamenepa ngati fulashi ikhala pa kamera, chifukwa bokosi lalikulu limatsika n'kutchinga kagalasi kofiira kothandiza kamera kupeza fokasi mumdima, ndipo pa lenzi yotambalala limalowa m'chithunzi. Kulemera kwake kumagwetsanso mutu.

Mkati matani foilo, koma muyambe mwaikwinya ndi manja n'kuiwongolanso. Foilo yosalala imaponya mizere yowala pa pepala lakutsogolo. Katoni yosamata kanthu mkati ndiye cholakwa chachikulu: mtundu wake wa kaki umalowa m'kuwala konse. Kutsogolo ikani pepala lokopera mapulani la tracing paper, gawo limodzi. Jambulani bokosilo pakalilole fulashi ili pa mphamvu yotsika ya 1/128. Mukaona pakati pali chigamba chowala kwambiri m'mbali muli mdima, ndiye kuti gwero lanu silinakule kwenikweni. Konzani ndi kapepala kena ka masentimita 6 ndi 8 kolendewera pa ulusi mkati, masentimita 5 kuchokera pagalasi, ndipo ikani zoom ya fulashi pa 24mm kuti kuwala kudzaze bokosi lonse. Kutsogolo kwa masentimita 20 ndi 15 n'kokula kuposa mutu weniweni maulendo opitirira 10, koma phindu lake limathera pa mamita 2. Kupitirira apo kabokosi ndi kadontho basi.

Pa zinthu zapakhomozi, palibe chimene chiyenera kukhudza galasi la fulashi. Mukawombera motsatizana pa mphamvu yonse galasilo limatentha moti jumbo imasungunukirapo, ndipo banga lake silichoka. Siyani mpata wa sentimita imodzi kapena ziwiri. Ndipo musatsegule fulashi kuti muikemo kanthu mkati. Muli capacitor yosunga mavoti pafupifupi 300 ngakhale mabatire atachotsedwa.

Za zigubu tinene mwachidule. Chigubu cha pulasitiki yoyera mwa mbuu, yolola kuwala, chodula tako n'kuveka pamutu woloza kumwamba, chimamwaza kuwala mbali zonse ngati babu. Chimagwira m'chipinda chaching'ono chokha. Chigubu chimene munali mafuta ophikira chisiyeni, ngakhale chitatsukidwa chimakhala ndi chikasu. Fulashi yaing'ono yotumphuka pa kamera nayonso ili ndi malire: guide number yake, nambala yosonyeza mphamvu ya fulashi, ndi pafupifupi 12, kutanthauza mamita 3 pa f/4 ndi ISO 100. Diffuser yodya stop ziwiri, kutanthauza yosiya kota chabe ya kuwala, imatsitsa mtundawo kufika mita imodzi ndi theka. Kuti mubwerere pa mamita 3 mufunika ISO 400. Pepala lake liime masentimita 8 kutsogolo kwa fulashi, osati kumata, ndipo chotsani hudu ya lenzi kuti isaponye mdima kumunsi kwa chithunzi.

Yesani kamodzi, lembani pa diffuser pomwepo

Stop imodzi ndi kuwala kuchepa ndi theka. Diffuser yanu imadya zingati, ndipo imapotoza mtundu motani? Musaganizire, yesani usiku magetsi onse atazimitsidwa. Kamera pa M (manyuwalo), shutter 1/200, f/8, ISO 100, RAW (fayilo yosakonzedwa ndi kamera), white balance (poyikira mtundu wa kuwala) pa 5500K (K ndi muyeso wa mtunduwo) kapena pa kachizindikiro ka dzuwa, osati pa Auto. Fulashi nayo pa M. Ikani chinthu chopanda mtundu mita imodzi kutsogolo, patsogolo pa nsalu yakuda, kutali ndi makoma. Jambulani fulashi ili yosavala pa 1/16. Vekani diffuser, kwezani mphamvu mpaka histogram, kagirafu kosonyeza kuwala kwa chithunzi, ifanane ndi yoyamba. Mukafika pa 1/8 yadya stop imodzi, pa 1/4 ziwiri. Mukamagwiritsa TTL, pamene kamera imasankha mphamvu ya fulashi, kamera imawonjezera yokha chifukwa imayeza kuwala kodutsa m'diffuser, koma imatero mpaka mphamvu itatha; zithunzi zikayamba kuda ndipo fulashi ikuchedwa kudzaza, mwafika pamalire, kwezani ISO.

Chinthu chopanda mtundu chija n'chovuta kupeza kuposa mmene anthu amaganizira. Khadi lotuwa la 18% ndiye lopangidwira ntchitoyi. Pepala la fotokope si loyera kwenikweni: opanga amathiramo mankhwala owalitsa amene amamwa kuwala kwa UV n'kutulutsa buluu. Mukayezera white balance pamenepo, kamera imachotsa buluu amene kulibe m'chipindamo, chithunzi chonse n'kupendekera ku chikasu. Malaya oyera ochapidwa ndi sopo waufa ali ndi vuto lomweli, diresi la ukwati nalonso, mwinanso ndi la kirimu. Chinthu chotsika mtengo chosanama ndi tepu yoyera ya mapulambala, ija amakulunga pa mazinga a mpope, yopezeka mu hadiweya iliyonse. Kulungani magawo 6 kapena 8 pa kachidutswa ka khadi loyera mpaka chapansi chisawonekere, ndipo muchisunge m'kajumbo chifukwa chimagwira litsiro msanga. Pochijambula chisawale mpaka kupserera; malo oyera mbee alibe mtundu woti kompyuta iwerenge, chiwoneke chotuwa pang'ono.

Tsegulani zithunzi ziwirizo mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, kapena darktable ndi RawTherapee amene ndi aulere, dinani pa tepu ija ndi kachida koyezera white balance, lembani Temp (kuchoka ku buluu kupita ku chikasu) ndi Tint (kuchoka ku kubiriwira kupita ku pinki) za chilichonse. Kusiyana kwake ndiye utoto wa diffuser yanu. Kawirikawiri pepala lophikira makeke ndi pulasitiki yakale zimatenthetsa mtundu (kupendekera ku olenji), pepala la fotokope limauziziritsa (kupendekera ku buluu), zigubu zina zimaika kubiriwira kapena pinki. Temp ndi Tint za chithunzi chachiwiri zilembeni ndi maka kumbuyo kwa diffuser. Auto sikupulumutsani apa: fulashi za Canon ndi Nikon zimauza kamera mtundu wa kuwala kwake, koma sizidziwa kuti mwaziveka chigubu. Kutentha pang'ono musalimbane nako, pakhungu lakuda kumakoma. Choopsa ndi buluu, amene amatuwitsa munthu ngati sanadzole, ndi kubiriwira, kumene kumamuwonetsa ngati wodwala.

Mitundu iwiri m'chithunzi chimodzi

Apa ndiye pamene pamagona nkhani. Fulashi imatulutsa kuwala kwa pafupifupi 5500K, kofanana ndi dzuwa la masana. Babu lakale la waya ndi 2700K, mababu a LED olembedwa warm white ndi 2700K mpaka 3000K, cool white 4000K, daylight 6500K, kandulo ndi pafupifupi 1900K. Mkwati wawalitsidwa ndi fulashi, anthu akumbuyo awalitsidwa ndi mababu. Mukakonza nkhope yake, kumbuyo kuli olenji psuu. Mukakonza kumbuyo, iye ali buluu. White balance imasuntha chithunzi chonse mbali imodzi, ndiye singakonze mitundu iwiri nthawi imodzi, kaya mu kamera kaya pa kompyuta.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupha kuwala kwa m'chipinda: shutter pa 1/200 kapena 1/250, malinga ndi malire a kamera yanu, ISO yotsika, fulashi yokha igwire ntchito. Mitundu ikhala yolondola koma kumbuyo kuda ngati phwando linachitikira kuphanga. Yachiwiri, imene ili yabwino, ndi kuveka fulashi mtundu wa chipindacho, kenako kukonza zonse kamodzi.

Chovekacho ndi gel, kapulasitiki kopyapyala kopirira kutentha. Ya olenji imatchedwa CTO. Kuti mudziwe yoyenera, siyani kuwerenga ma K, werengani mired: 1,000,000 kugawa ndi K. Chifukwa chake n'chakuti ma K sayenda mofanana ndi maso. Kuchoka 3000K kufika 3500K ndi mired pafupifupi 48, kusintha koonekeratu. Kuchoka 6000K kufika 6500K ndi 13 yokha. Fulashi ya 5500K ndi 182. Babu la 3000K ndi 333, kusiyana 151. Gel ya Lee 204, CTO yathunthu, imawonjezera 159, ndiye ikukwana. Lee 205, ya theka, imawonjezera 109, ndipo 206, ya kota, 64. Pa mababu a 4000K, amene ndi 250, kusiyana ndi 68, ndiye ya kota. Pa 2700K, amene ndi 370, CTO yathunthu imakufikitsani pa 341, pafupifupi 2900K, kumbuyo n'kutsala kotentherako pang'ono. Musathamangitse kotsalako; holo ya madzulo imayenera kuwoneka ya madzulo. Mukaveka CTO yathunthu, ikani kamera pa 3000K kapena pa kachizindikiro ka babu, ndipo muyembekezere kutaya kuwala kochepera pang'ono stop imodzi.

Gel imakhala pagalasi penipeni mofutukuka pang'ono, pansi pa diffuser, yomata m'mbali mwa mutu ndi selotepu. Iphimbe galasi lonse. Kampata ka mamilimita ochepa kokha kamatulutsa kuwala koyera, mbali imodzi ya nkhope n'kukhala ndi mtundu wina.

Nanga gel ikasowa? Mapepala a olenji okulungira maswiti amayesedwa kwambiri, koma ambiri ndi ofiira mopitirira ndipo amasiya pinki yovuta kuchotsa, komanso amasungunuka. Chodalirika ndi kusintha khadi lija: m'malo mwa loyera, dulani lina pa envelopu yaikulu ya kaki, lipinde kuti ligwire kuwala konse. Kuwala kobwerera pa kaki n'kotentha, ngakhale kuti sikufika pa CTO yathunthu ndipo kumadya mphamvu yambiri. Maenvelopu amasiyana, ndiye liyezeni monga tafotokozera, musinthe ma K ake kukhala mired, mudziwe chipinda chimene likuyenera. Khadi la kirimu limagwera pakati.

Machubu aatali a m'maofesi ndi m'makalasi, ndi mababu ena otchipa a LED olembedwa 6500K, vuto lawo si kutentha kapena kuzizira. Kusiyana ndi fulashi ndi mired 28 yokha. Vuto ndi kubiriwira, kumene kuli pa mzere wina wa Tint. Gel yake ndi plus green, Lee 244, kapena 245 ya theka, kenako kamera ichotse kubiriwirako paliponse. Machubu akale amaphethiranso maulendo 100 pa sekondi chifukwa magetsi athu ndi a 50Hz, ndipo mtundu umasintha mkati mwa kuphethirako. N'chifukwa chake zithunzi zotsatizana pa 1/200 zimatuluka china chobiriwira china chofiirira. Ikani shutter pa 1/100 kapena 1/50 kuti chithunzi chilichonse chitenge kuphethira kwathunthu. Fulashi ndiyo iimitse kusuntha kwa munthu m'chithunzi.

Kuyika mu kamera

Zonse zikamangidwa, gel ndi diffuser pamodzi, imani pamene mujambulire, gwirani tepu kapena khadi lotuwa pamene padzakhale nkhope, lidzaze pakati pa chithunzi, wombani ndi fulashi. Pa Canon, lowani mu menu pa Custom White Balance, sankhani chithunzicho, kenako sinthani white balance kupita pa Custom. Ambiri amaiwala sitepe yomalizayi n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Pa Nikon, sankhani PRE, gwirani batani mpaka PRE iyambe kuphethira, jambulani khadi, iwonetse Good. Lenzi ikakana fokasi pa khadi losalala, ikani pa manyuwalo. Mukasamuka chipinda, kapena kutembenukira khoma la mtundu wina, yezaninso. Magetsi akazima pakati pa mwambo anthu n'kuyatsa nyali za sola kapena mafoni, chotsani CTO msanga, apo ayi mudzipangira nokha vuto lomwe mumathawa.

Chimasokoneza ongoyamba n'chakuti nambala ya K mu kamera imayenda chobwerera. Mukakweza, chithunzi chimatentha. Kamera ikumva kuti mwaiuza kuti kuwala ndi kwa buluu, ndiye ikuthira olenji. Pokonza pang'ono pali kagiridi ka WB Shift kokhala ndi mizere iwiri, B kupita A ndi G kupita M. Sitepe imodzi ya B ndi A ndi pafupifupi mired 5. Diffuser yotenthetsa ndi mired 10 imakonzedwa ndi masitepe awiri kupita ku B.

Wojambula RAW akhoza kungojambula tepu kamodzi pa malo aliwonse, n'kudina pa kompyuta ndi kukopera pa zithunzi zonse za malowo. Wa JPEG alibe mwayi umenewo. Fayilo yake ili ndi magawo 256 okha pa mtundu uliwonse ndipo white balance inaphikidwa kale. Kukoka kwambiri kumathothola khungu kukhala zigamba, makamaka m'malo amdima. Pokonza ndi maso yambani ndi Temp, kenako Tint, ndipo zimitsani kaye sefa ya usiku ya pa sikirini, ija imafiiritsa foni ndi laputopu dzuwa likalowa. Kumbuyo kukatsala olenji, musatsitse olenji pa chithunzi chonse, poti khungu la munthu aliyense lili mu olenji momwemo ndipo lituwa. Sankhani kumbuyo kokha ndi mask, chida chosankhira gawo limodzi la chithunzi, muziziritse kumeneko.

Pali kuwala kumene sikukonzeka. Mababu otchipitsitsa a LED amasowa kufiira kwenikweni, ndiye ngakhale khadi litayera bwino, khungu limakhalabe lakufa. Mtundu umene sunatuluke m'babu sungabwezeretsedwe. Nyali zamitundumitundu za DJ pa nthawi ya perekaniperekani n'chimodzimodzi. Pamenepo chotsani gel, ikani white balance pa nambala imene munalemba kumbuyo kwa diffuser, tsitsani kuwala kwa m'holo ndi stop ziwiri pansi pa fulashi pogwiritsa shutter, nkhope ziwalitsidwe ndi fulashi yokha, zofiira ndi zabuluu zivinire kumbuyo. Ndipo potumiza kokatsukitsa, sungani mafayilo mu sRGB, dongosolo wamba la mitundu, muwauze a ku situdiyo kuti asakonzenso mitundu, chifukwa makina awo akaona kumbuyo kofiira amathira buluu pa chithunzi chonse, nkhope zomwe.